MAFUNDE A WAILESI NDI CHUMA CHA MTUNDU: BOMA LIYENERA KUWAYEZA

Munthu wonyamuka ku Limbe pa galimoto amafika ku Chiradzulu ola limodzi lisanathe. Boma limeneli lili pakhomo penipeni pa mzinda wa Blantyre, ndipo anthu ake ambiri amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito kapena kukagulitsa tomato ndi kabichi mumzindamo, nabwerera kwawo madzulo. Komabe m'boma lomweli muli midzi imene munthu wofuna kulankhula pa lamya ya m'manja amayamba wakwera pachulu kapena kuyenda kamtunda ndithu kufunafuna pamene mawu angamveke. Kuseri kwa mapiri ena wailesi imalira bwino m'mawa, madzulo n'kumangosokosa. Anthu anazolowera, ndipo ena amaseka nazo. Koma nkhani imeneyi si yoseketsa, pakuti m'boma la anthu oposa 350,000, malinga ndi kalembera wa chaka cha 2018, mudzi umodzi wosamveka lamya ndi mabanja mazanamazana amene sangaitane ambulansi usiku.

Kampani za lamya zili ndi mbali yake pa vutoli, ndipo palibe amene akuzichotsera udindo. Koma pali udindo wina umene sungasenzedwe ndi wina aliyense kupatula Boma. Udindowo ndi wofufuza, kuyeza ndi kudziwa bwino lomwe m'mene mafunde a wailesi akugwirira ntchito m'dziko muno.

Mafunde amenewa saoneka ndi maso, n'chifukwa chake anthu ambiri sawawerengera ngati chuma. Mawu a pa wailesi, zithunzi za pa kanema, uthenga wa pa lamya ya m'manja, ndalama zotumizidwa pa lamya, kulankhulana kwa apolisi, kwa asilikali ndi kwa oyendetsa ndege, zonsezi zimayenda mumlengalenga pa mafunde, ndipo chilichonse chili ndi malo ake. Wailesi za FM zinapatsidwa malo oyambira pa 87.5 kulekeza pa 108 MHz. Kanema woulutsidwa kuchokera pa nsanja ali pakati pa 470 ndi 694 MHz. Lamya za m'manja zinayambira pa 900 ndi 1800 MHz. Malo amenewa ali ndi polekezera. Nyumba ziwiri zoulutsira mawu zikaikidwa pamalo amodzi m'dera limodzi, womvera samva iyi kapena iyo, amangomva phokoso. Choncho mlengalenga uli ngati dambo la madimba: aliyense afuna polima, koma dambo silikula, ndipo popanda woika malire pamabuka milandu.

Anthu a ku Chiradzulu safunika kuphunzitsidwa za kuwawa kwa malo ogawidwa mosasamala. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston anapereka kwa Azungu makalata owatsimikizira umwini wa malo aakulu kwambiri m'mapiri a Shire, eni nthaka asakudziwa kuti asayinitsidwa chiyani. Ku Magomero kunakhazikika esiteti ya A. L. Bruce, ndipo anthu anasanduka alendo panthaka ya makolo awo, nayamba kugwira thangata kuti aloledwe kukhala. Mkwiyo umene unaphulika ku Mbombwe mu Januwale 1915, pamene Mbusa John Chilembwe anaukira atsamunda, unachokera kwakukulu pa nkhani ya malo ndi thangata. Kugawa kunatenga zaka zochepa. Kubweza kunatenga mibadwo, ndipo mpaka lero Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Mafunde a wailesi nawonso amaperekedwa ndi chiphaso cha zaka zambiri. Kampani ikalandira, nimanga nsanja ndi kugula makina oyenerana ndi malo amene yapatsidwa, kuisuntha kumakhala kovuta ndi kodula. Boma logawa mafunde lisanayeze limamanga manja a ana amene sanabadwe.

Dziko lino layenda mtunda wautali pa nkhani za mauthenga. Pamene linalandira ufulu mu 1964, wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo lamya zinali za mawaya, zopezeka m'maofesi, m'mapositi ndi m'nyumba zowerengeka. Nthawi imeneyo kugawa mafunde sikunali kovuta chifukwa opempha anali ochepa. Lamya za m'manja zinafika mu 1995 ndi kampani ya TNM. Celtel, imene lero ndi Airtel, inatsatira mu 1999, chaka chomwecho chimene kanema wa dziko lino anayamba kuulutsa. Lamulo la za mauthenga la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA kuti lidziyang'anira ntchito zonsezi, ndipo lamulo la 2016 linalowa m'malo mwa loyambalo, nilikulitsa mphamvu za bungweli. Lero wailesi zachuluka, za mipingo, za malonda ndi za m'madera, ndipo kuyambira 2023 ngakhale intaneti yochokera ku masetilaiti a Starlink ikupezeka m'dziko muno. Dambo lija ladzaza.

Lamulo limapatsa MACRA udindo wokonza ndondomeko ya mafunde, kupereka ziphaso ndi kulondera kuti aliyense akhale m'malire ake. Imeneyi ndi ntchito yofunika, ndipo ndalama za ziphaso zimathandiza dziko. Koma ofesi yongopereka ziphaso ndi kutolera ndalama ingathe kukhala ndi mabuku olongosoka bwino, pamene zochitika mumlengalenga zili zosiyana ndi zolembedwa m'mabukumo. M'buku mungalembedwe kuti malo akutiakuti ali ndi mwini, chikhalirecho mwiniyo amawagwiritsa ntchito m'mizinda yokha, ndipo ku Namitambo ndi ku Milepa malowo angokhala tsala. Pa mapu a kampani dera lonse lingapakidwe utoto woonetsa kuti lamya ikumveka, chifukwa mapu otere kawirikawiri amajambulidwa ndi kompyuta powerengera mphamvu ya nsanja, osati poyenda mudzi ndi mudzi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Boma loyembekeza kuti ogulitsa malonda ndiwo aliuze pamene malonda awo sakufika lidzamva zokoma zokhazokha.

Kuti kafukufuku wotere ndi wotheka ndi manja a Amalawi, umboni wake uli pafupi, m'boma loyandikana nalo la Zomba. Mu 2013, gawo la Physics la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi Dr. Chomora Mikeka, linagwirizana ndi MACRA pamodzi ndi bungwe la akatswiri a sayansi la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy kuti ayese kutumiza intaneti pa malo a mafunde a kanema amene sanali kugwiritsidwa ntchito. Anayamba ndi kuyeza. Ndi zipangizo zotsika mtengo, zonyamulika m'manja, anamvetsera mlengalenga napeza kuti gawo lalikulu la malo a kanema linali lopanda woulutsa aliyense. Atatero anaimika makina ku Zomba natumiza intaneti ku malo ngati sukulu ya sekondale ya atsikana ya St. Mary's ndi chipatala cha Pirimiti, popanda kukumba ngalande kapena kukoka waya. Malawi anali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuyesa nzeru imeneyi, ndipo zotsatira zake zinawerengedwa ndi akatswiri a kunja.

Chifukwa chimene anasankhira mafunde a kanema ndicho chimene chikhudza Chiradzulu mwachindunji, ndipo wogwira ntchito m'Boma aliyense ayenera kuchimvetsa ngakhale sanaphunzire sayansi. Mafunde otsika, a manambala aang'ono, amayenda mtunda wautali, amapyola masamba a mitengo ndi makoma a nyumba, ndipo amatha kukhota pang'ono kuseri kwa chitunda. Mafunde okwera amanyamula uthenga wambiri nthawi imodzi, koma amatopa msanga ndipo phiri likawatchinga athera pomwepo. Mumzinda, m'mene anthu ali pamodzi ndipo nsanja zili pafupipafupi, mafunde okwera ndi abwino. M'dziko la mapiri ndi zigwa ngati lozungulira phiri la Chiradzulu, mafunde otsika ndiwo golide. Nsanja imodzi ya mafunde otsika imafikira midzi imene ikanafuna nsanja zingapo za mafunde okwera. Tsono funso lakuti malo otsikawo apatsidwe kwa yani, pa mtengo wanji, ndi pa pangano lanji, ndi funso lokhudza mlimi wa ku Thumbwe kuposa kalaliki wa ku Blantyre.

Malo otsika otere anayamba kupezeka pamene mayiko anasintha kaulutsidwe ka kanema. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 2006, mayiko a mu Africa ndi ku Ulaya anagwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 asiye kaulutsidwe kakale nayambe ka digito. Kale nyumba imodzi ya kanema inkadya njira yonse ya 8 MHz payokha. M'kaulutsidwe katsopano njira yomweyo imanyamula nyumba zoposa khumi. Kuno ntchitoyi inaperekedwa ku kampani ya Boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene anthu amaidziwa ndi makina ake a Kiliye Kiliye. Kusinthaku kunamasula malo a 700 ndi 800 MHz, amene mayiko ambiri anawapereka ku ntchito za lamya ndi intaneti. Chiphaso cha malo otere sichiyenera kutuluka popanda pangano lomveka lonena midzi ndi maboma amene kampani idzafikeko, ndi chaka chake. Ndipo pangano lopanda woyeza ndi pepala chabe. Ngati Boma lilibe anthu ndi zida zopita nazo ku Ndunde kukaona ngati lonjezo lakwaniritsidwa, ndiye kuti kampani idzadziyesa yokha mayeso nidzipatsa yokha malikisi.

Alipo ena, ngakhale m'maofesi a Boma, amene amati kafukufuku ndi ntchito ya mayiko olemera, ndipo dziko losowa mankhwala ndi feteleza lisataye ndalama pa zinthu zosaoneka. Maganizo amenewa amamveka anzeru kufikira tsiku la tsoka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo m'chigawo cha kum'mwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ku Chiradzulu, matope ndi miyala zinatsika m'phiri nizikokolola mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani anaimitsidwa chifukwa cha zinyalala zobwera ndi madzi, magetsi anazima, misewu ndi milatho inaduka, ndipo m'madera ambiri lamya zinaleka kumveka. Pa nthawi imene anthu ankafunitsitsa kuitana chithandizo ndi kudziwa ngati abale awo ali moyo, njira yolankhulirana inali yofooka koposa. Chimene chinatsala m'nyumba zambiri chinali kawailesi ka mabatire.

Tsoka limenelo linasiya mafunso amene ndi kafukufuku yekha angayankhe. Kodi nsanja ya lamya imakhala maola angati ikugwira ntchito magetsi atazima, ndipo ndi nsanja ziti zimene zikazima zimadetsa dera lonse? Kodi ndi wailesi iti imene imamveka m'chigwa chilichonse cha boma lino, kuti chenjezo la a zanyengo lidzere kumeneko? Kodi apolisi, achipatala, asilikali ndi ofesi ya Bwanamkubwa ali ndi njira yawoyawo yolankhulirana imene siidalira nsanja za malonda? Palibe kampani imene ingawononge ndalama zake kuyankha mafunso onsewa, chifukwa mayankho ake sabweretsa phindu kwa eni masheya. Phindu lake ndi miyoyo, ndipo wosunga miyoyo ya anthu ndi Boma.

Ngakhale chenjezo lenilenilo la namondwe limadalira mafunde. Masetilaiti oona zanyengo amayeza chinyontho cha mumlengalenga pomvetsera kamphamvu kofooka kwambiri kamene nthunzi ya madzi imatulutsa pafupi ndi 23.8 GHz. Malo amenewa anaikidwa ndi chilengedwe, sangasunthidwe. Pamene mayiko ankakambirana zopereka malo oyandikana nawo ku lamya za 5G pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2019, akatswiri a zanyengo anachenjeza kuti phokoso la lamyazo lingathe kutseka makutu a masetilaiti, ndipo panakhala kukangana kwakukulu pa malire a phokosolo. Nkhani yooneka ngati ya kutali chotere imathera pa kulondola kwa uthenga umene mayi wa ku Chiradzulu amamva pa wailesi wonena kuti asamuke m'mphepete mwa phiri.

Misonkhano yotere imakonzedwa ndi bungwe la ITU, limene linakhazikitsidwa mu 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Imachitika pakapita zaka zitatu kapena zinayi. Wapitawu unali ku Dubai kumapeto kwa 2023 ndipo wotsatira ukuyembekezeka mu 2027. Kumeneko ndi kumene amagamula kagawidwe ka mafunde pa dziko lonse lapansi. Dziko lililonse lili ndi mpando ndi voti, koma amene amamvedwa ndi amene abwera ndi miyezo ndi zowerengera. Nthumwi yopita chimanjamanja imangoombera m'manja zimene ena akonza. Chimodzimodzinso pokambirana ndi mayiko oyandikana nawo. Mafunde salemekeza malire, ndipo kuchokera ku Chiradzulu kudutsa Phalombe ndi Mulanje, dziko la Mozambique silili kutali. Wailesi kapena nsanja ya tsidya lina ikasokoneza ya tsidya lino, mlandu wake umatha ndi umboni woyezedwa, osati ndi madandaulo apakamwa.

Zipangizo zogwirira ntchitoyi Boma lili nazo kale, chofunika ndi kuzilunzanitsa. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, limene kampani za mauthenga zimasonkhamo ndalama zofikitsira ntchito zawo kumene malonda okha sangafike. Thumba lotere liyenera kutsogozedwa ndi mapu oona, apo ayi nsanja zidzamangidwa kumene kuli wofuula kwambiri m'malo mwa kumene kuli kusowa kwambiri, ndipo atsogoleri a Chipani ayenera kukhala oyamba kukana chiyeso chimenechi. Lilipo bungwe la National Commission for Science and Technology, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, limene ntchito yake ndi kulimbikitsa ndi kugwirizanitsa kafukufuku. Zilipo sukulu za ukachenjede zozungulira Chiradzulu mbali zonse: University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, ndi Catholic University ku Nguludi m'boma momwemo. Chaka ndi chaka sukuluzi zimatulutsa anyamata ndi atsikana odziwa za magetsi ndi mauthenga, amene ambiri a iwo amamaliza maphunziro asanagwirepo chida choyezera mafunde kunja kwa kalasi. Gawo laling'ono chabe la ndalama za ziphaso, litapatulidwa mwa lamulo chaka chilichonse, likanakwanira kuwatumiza m'maboma ndi zida m'manja. Atsogoleri a mayiko a mu Africa anapangana mu 2007 kuti dziko lililonse lidzipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chake kulipereka ku kafukufuku, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amatchula kufunika kwa sayansi ndi luso pa chitukuko. Mawu alipo okwanira.

Chinthu chimodzi chiyenera kunenedwa mosapsatira. Kafukufuku wambiri m'dziko muno amayamba ndi ndalama za abwenzi akunja, ndipo ndalamazo zikatha nayenso amatha. Lipoti limaikidwa m'kabati, makina amachita dzimbiri, ndipo katswiri amapita kukagwira ntchito kwina. Abwenzi ayenera kuthokozedwa, koma mlengalenga umasintha chaka ndi chaka pamene nsanja zatsopano zikumangidwa ndi wailesi zatsopano zikutsegulidwa. Muyezo wa 2013 sungauze munthu za lero. Kuyeza mafunde kuyenera kukhala ntchito ya masiku onse, yokhala ndi mzere wake mu bajeti, monga m'mene a zanyengo amayezera mvula ndi a zaumoyo amawerengera odwala malungo. Ndiponso zotsatira zake zisakhale chinsinsi cha m'maofesi. Mapu oonetsa pamene lamya ndi wailesi zikumveka ndi pamene sizikumveka ayenera kupachikidwa ku ofesi ya khonsolo, kuti khansala, mfumu ndi mphunzitsi wamkulu athe kuloza ndi chala ndi kunena kuti apa mwalakwitsa.

Apa ndi pamene atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, ali ndi gawo lawo. Palibe amene amadziwa Chiradzulu kuposa mlangizi wa zaulimi amene amayenda pa njinga m'midzi, mlangizi wa zaumoyo amene amavutika kutumiza lipoti la mwezi, ndi wapampando wa nthambi amene amadziwa chulu chimene anthu amaimirirapo poimba lamya. Zimene akudziwazi ziyenera kulembedwa mwa dongosolo, mudzi, malo ndi nthawi, ndi kuperekedwa kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera mpaka kwa Bwanamkubwa. Mtsogoleri wobisa vuto poganiza kuti akuteteza mbiri ya Boma amalinamiza Bomalo, ndipo kukhulupirika kotere n'kopanda pake. Ayeneranso kuphunzitsa anthu kuti wakuba mabatire, mafuta kapena mawaya pa nsanja sabera kampani yokha, koma amadula njira imene mudzi wonse ukanaitanira chithandizo. Ndipo akatswiri akafika ndi zida zachilendo kudzayeza, atsogoleri akhale atawafotokozera kale mafumu ndi anthu awo za ntchitoyo, pakuti aliyense akukumbukira m'mene mphekesera za anamapopa zinavutitsira maboma a kum'mwera mu 2017, mpaka alendo osalakwa kuchitidwa chipongwe.

Chiradzulu ndi boma loyenera kuyambirapo. Ndi laling'ono, moti gulu limodzi la oyeza lingalimalize m'masabata owerengeka. Lili ndi mapiri, zigwa ndi midzi yothithikana, zimene zimayesa mafunde mokwanira. Lili pafupi ndi sukulu zinayi za ukachenjede, kotero kuti mtengo wa ulendo sungakhale chowiringula. Ntchitoyi iyenera kugwiridwa m'chilimwe misewu ili youma, ndi kubwerezedwa m'dzinja, popeza mvula ndi masamba zimasintha kayendedwe ka mafunde, ndipo miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndiyo imene anamondwe amafika.